Khomo Lotulukira Bokosi

"Ndani wazula misomali pakhomo ilo?"

Agogo a Triffie sanakweze mawu. Anangoloza ndi ndodo. Ine ndinali nditangofika, chipale chili m'mapewa, chikwama chili m'manja. Ndinalowera khomo la kukhitchini, monga achitira aliyense kwathu kuno. Koma mphepo inkachokera kumaso. Ndinasuzumira. Khomo la kumaso linali yasa. Chibadwire changa ndinali ndisanalionepo lotsekula.

Amalume a Garland anali chiimire pomwepo, chitsulo chozulira misomali chili m'manja.

"Ndine, Amayi. Bedi lanu silingatulukire kukhitchini. Khomo la uko n'laling'ono."

"Bedi langa likupita kuti?"

"Tinakambirana kale."

"Unakambirana ndi foni yako. Ine unandifunsa liti?" Agogo anatembenuka nandiona. "Eya, wafikanso wa m'tauni. Rhonda, vula nsapato, usandinyowetsere pansi. Wabwera kudzathandiza amalume ako kundinyamula? Iwe ugwire kumiyendo, n'kopepuka."

"Ndangobwera kudzakuonani, Agogo."

"Bodza. Iwe suona munthu. Umangodutsa."

Sananame. Ndimayendetsa malole. Lero Halifax, mawa Montreal. Amalume anandiimbira ndili pamsewu, akuti bwera tidzalongedze katundu wa agogo ako. Ndinasiya lole, ndinakwera sitima ya pamadzi, ndinabwereka galimoto. Gawo lomaliza ndinayenda wapansi. Msewu wa kuno ku Nsonga anasiya kuukokola chipale. Akuti sangamawononge mafuta chifukwa cha chumuni chimodzi chofuka utsi.

Amalume anaika chitsulo chija pansi.

"Amayi, tamverani. Munagwa ndi nkhuni m'manja. Munagona pansi pompano mpaka kunacha, mbaula itazima. Maisie akanapanda kubwera pa njinga yamoto ya pachipale, bwenzi tikunena zina. Maisie ali ndi okalamba ambiri owasambitsa ndi kuwaphikira tsidya lija. Sangamawoloke doko tsiku ndi tsiku chifukwa cha inu nokha. Kunyumba ya okalamba ku Corner Brook kuli anamwino usana ndi usiku. Kuli kotentha. Chakudya chimakupezani pabedi."

"Ukudziwa amene anatulukira pakhomo ilo?" anatero Agogo, ngati kuti sanamve kanthu. "Apongozi anga. Kenaka abambo ako. Onse chogona, mapazi kutsogolo, amuna atawasenza. N'chifukwa chake lilibe masitepe. Wamoyo salifuna. Abambo ako atatuluka, misomali imeneyo unakhoma ndiwe, ndi manja akowo, mamina ali chuchuchu. Lero wazula. Bokosi lili kuti? Ndilione ngati lindikwana."

"Ndi khomo chabe, Amayi."

"Kwako ku Alberta uko ndi khomo chabe."

"Ndiye nditani? Ndizikagwira ntchito kumafuta uko ndikulota mutaumira pansi? Foni ikalira mtima umandithawa. Ine ndatopa nawo mantha."

"Ndiye mantha akowo ndikawagonere ine ku Corner Brook? Anapita Effie Burt. Anapita a Leander. Anapita Drusilla, akuyenda yekha, akuseka. Onse anabwerera m'galimoto yaitali ya maliro ija. Drusilla anamuika chipinda chimodzi ndi munthu wosamudziwa, zenera loyang'ana poimika magalimoto. Munthu wobadwira pamadzi. M'mawa uliwonse ankafunsa anamwino kuti lero mphepo ikuchokera kuti. Iwo n'kumauzana kuti mutu wayamba kusokonekera."

Amalume anayang'ana kwa ine kuti ndiwathandize. Ine ndinayang'ana masokosi anga.

"Nanga anthu a ku Toronto aja?" anafunsa Agogo.

Amalume anayang'ana kumbali.

"Mdzukulu wa Maisie anandionetsa. Nyumba yanga ili m'foni, ndi makatani anga omwe, ndi mphaka pazenera. Akuti nyumba yamakedzana yoyang'ana kunyanja, yabwino kupumuliramo m'chilimwe. Mphakayo ukugulitsa limodzi? Nanga nkhalamba ya pampando, ndi ya basera?"

"Nyumba yopanda munthu imawola, Amayi."

"Ili naye munthu."

"Bedi la ku Corner Brook atisungira mpaka kutha kwa mwezi uno. Likapita kwa wina, basi. Mwezi ukamatha ndikukutengani, mufune musafune." Amalume anakoka chitseko chija n'kuchitseka ndi kachitsulo kokowetsa. Anatulukira kukhitchini. Chitseko cha kumeneko chinalira mbwee.

"Rhonda, tola misomali iyo," anatero Agogo. "Yonse. Wina wagubudukira pansi pa kabati."

Ndinatola. Inali yaitali, yadzimbiri, yopindikapindika. Anaiponya m'thumba la epuloni.

M'mawa mwake ndinawoloka doko wapansi. Madzi onse anali ataundana, ayezi ali gwa kuchokera ku Nsonga mpaka kumudzi. Pamsewu n'kozungulira. Pa ayezi n'pafupi, tchalitchi umachita kuchiona mazenera. Ndinalunjika kuholo ya tchalitchi. Utsi unkafuka. Fungo la nyama yamchere ndi kabichi linandichingamira panja.

Kuseri kwa holoyo kuli tinyumba ta matabwa, tondondozana. Anamanga okha anthu a m'mudzi, achinyamata atathera ku Alberta. Okhalamo ndi okalamba. Nkhuni amawawazira. Chakudya cha masana chimachokera m'holo. Namwino amabwera Lachinayi. Maisie Keeping amazungulira khomo ndi khomo, m'mawa ndi madzulo.

Ndinamupeza akupakula, okalamba atakhala kale pamatebulo.

"Wa m'tauni uja ndi uyu," anatero Maisie. "Khala pansi udye, waonda ngati chingwe choyanikira zovala. Azakhali a Triffie adzuka bwanji?"

"Adzuka ndi ndewu."

"Ndiye kuti ali bwino. Rhonda, ine ndinawapempha. Ndinati Azakhali, bwerani tsidya lino, malo tikupezerani, ndizikuonani kawiri patsiku. Anati nyumba iyi sindidzatulukamo wamoyo. Garland akawakakamiza, adzafera m'galimoto asanafike n'komwe. Ndikuwadziwa."

"Ndani wati atuluke?"

Anali a Hedley Rideout, msodzi wakale wokhala m'kanyumba koyamba. Khutu lawo limodzi linafa. Amalankhula ngati ali pabwato pakati pa namondwe.

"Mwati bwanji, a Hedley?" anafunsa Maisie.

"Wogontha ndine kapena iwe? Ndati ndani wati atuluke. Nyumba ija sinamere pa Nsonga ngati mtengo. Inachokera kuchilumba, nthawi ija boma linatisamutsa. Tinaimangirira migolo, tinaikoka ndi mabwato. Triffie anali momwemo, mimba ili apa, ya Garland yemweyu, akutitukwana pazenera kuti tikumugwedezera mbale. Nyumba yowoloka nyanja ingalephere kadoko aka?"

Masipuni anaima. Anthu anayang'anana.

"Pa ayezi," anatero mayi wina chapansipansi.

"Nanga pamutu? Tinkatero chaka ndi chaka. Kuinyamula ndi majeke, kulowetsa zipika kunsi, kumanga zingwe, mudzi wonse n'kukoka. Malo alipo, pakati pa ine ndi holo. Ndinkafuna kubzalapo kabichi. Koma kabichi ndi Triffie kusiyana kwake n'kochepa, kungoti kabichi salankhula."

Holo yonse inaphulika. Wina ankati mlamu wake ali ndi majeke. Wina ankati zipika zilipo kuseri kwa sitolo. Agogo ena a ndodo ziwiri anaimirira n'kunena kuti kuchingwe akakhala kutsogolo. Ndakokapo katundu wamitundumitundu. Nyumba ya agogo anga ayi.

"Ayezi wa masiku ano si wakale uja," anatero Maisie. Iye yekha sankaseka.

"Tikamuboola tione," anayankha a Hedley. "Akatikana, watikana. Koma timufunse. Kusiyana ndi ena amene safunsa."

Tinakaboola masana omwewo. Kufupi ndi magombe onse awiri ayezi anali wochindikala kuposa mkono. Pakati, pamene pamadutsa madzi a kamtsinje, anali wocheperako. A Hedley anagwada, nalowetsa dzanja m'dzenje.

"Atilola," anatero. "Koma pakati apa osaima. Ukaima, wamira."

Ndinakawauza Agogo zonse. Anayang'ana kudenga. Anayang'ana mbaula. Anayang'ana pazenera, tsidya lija.

"Pafupi ndi Hedley?"

"Eya, Agogo."

"Munthu wolizira nkonono mudzi wonse uja." Anasisita mphaka. "Makapu anga ndiwakulunga ndi chiyani? Tapita ukatenge mabulangeti."

"Mwavomera?"

"Ndavomera chiyani? Ine sindikupita kulikonse. Ndikhala pampando wangawu. Nyumba ikafuna kuyenda, iyende."

"Tsiku lokoka mudzakhala kuholo, Agogo. Maisie adzakutengani."

"Ndinati sindituluka. Pamawu amenewo sunamve ati?"

Amalume anamva nkhaniyi kusitolo. Anabwera akupuma ngati ng'ombe.

"Mwapenga nonse. Amayi, mukufuna kumira ndi nyumba? Rhonda, ndinakuitana kuti udzalongedze, osati udzasonkhezere misala ya nkhalamba za kuholo."

"Nkhalamba za kuholo zinandifunsa," anatero Agogo. "Hedley wabwera pano ndi chipewa m'manja. Wati Triffie, zenera la kukhitchini ukufuna liyang'ane kuti? Ndati kumadzi. Iwe unandifunsa zenera?"

"Nanga anthu a ku Toronto aja ndiwauza chiyani?"

"Uwagulitse miyala. Ikhala pomwepa. Nyanja nayonso sitiitenga."

Masiku otsatira Nsonga inadzaza anthu. Njinga za pachipale zinkangoti uku vuu, uku vuu. Wamagetsi anadula mawaya. Amuna anakumba chipale kuzungulira nyumba, nalowetsa majeke. Nyumba inalira, inadzuka pang'onopang'ono. Zipika ziwiri zazitali zinalowa kunsi, zosemedwa kutsogolo ngati mphuno ya bwato. Amayi ankabweretsa buledi wa manyuchi ndi tiyi. Agogo ankalamulira pazenera. Uyo wapondereza maluwa anga. Uyo n'ngwaulesi ngati atate ake. Anthu ankangoseka n'kumagwira.

Ine ndinapatsidwa matcheni. Ndiyo ntchito yanga. Ndinamanga, ndinakoka, ndinamasula, ndinamanganso. Usiku ndinkagona tulo tofa nato. M'mawa ndinkadzuka ndisanaitanidwe.

Amalume sanagwire kanthu. Ankaima patali, manja m'matumba.

"Garland," anawaitana a Hedley tsiku lina, "manjawo akuzizidwa? Bwera udzawatenthetse pa jeke."

"Ine sindithandiza kumiza amayi anga."

"Koma kukawaumitsa ku Corner Brook ukuthandiza."

"Akamira mudzayankha ndinu?"

"Ndidzakhala pa ayezi pomwepo, mwana iwe. Akamira, tamira tonse. Iwe udzayankhe wekha kumtunda, ndi manja ako ofundawo."

Kenaka mphepo inatembenuka. Inayamba kuchokera kummwera. Madenga anayamba kudontha. Chipale chinafewa, chinasanduka phala. Pa ayezi panaoneka timadzi tonyezimira. Mwezi nawo unali kutha.

Amalume anandipeza ndikumanga tcheni chomaliza.

"Waona madzi awo?"

"Ndaona, Amalume."

"Iwe mawa udzakwera lole yako, uzipita. Ndiwe wotero. Wotsala ndi maliro ndine."

"Mawa ndikhala m'nyumbamo ndi Agogo."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Maso awo anali ofiira. Sanali okwiya. Anali amantha.

"Galimoto ikhala kugombe la kumudzi," anatero. "Nyumba ifike, isafike, Lolemba tikupita."

Tsiku lokoka linacha ndi nkhungu. Mudzi wonse unali pa ayezi. Ana asukulu, abusa, amayi a kuholo, anthu a midzi yoyandikana amene anangomva mphekesera. Zingwe ziwiri zazitali zinayalidwa kutsogolo kwa nyumba, anthu atandanda mbali zonse. Patsogolo pawo njinga za pachipale. Thirakitala inatsala kugombe la kumudzi. Inali yolemera kwambiri kuti iponde pa ayezi.

Agogo anavala diresi la kutchalitchi, epuloni pamwamba. Mpando wawo tinaumangirira kukhoma. Mphaka tinamutsekera m'dengu. Mbaula inali yozima, ndipo zimenezo sanazikhululuke.

"Ulendo wakale uja ketulo inali pamoto," anatero. "Tiyi wa m'botolo ndi wa odwala."

Panja a Hedley anayambitsa nyimbo yokokera. Mmodzi amatsogolera, onse amayankha, pamawu omaliza onse amakoka. Anaimba koyamba. Nyumba inanjenjemera. Anaimba kachiwiri. Makoma analira. Kachitatu pansi panathawa.

Tinayenda.

Tinatsika kamtunda ka Nsonga, tinagwera pa ayezi ndi mkokomo. Mapoto analira m'kabati. Chithunzi cha agogo aamuna chinapendekeka. Pazenera miyala inayamba kubwerera m'mbuyo. Mpanda. Chitsime. Khola lakale la nkhosa. Zonse zinatsala.

"Tikupita, Agogo." Ndinali nditagwira tebulo, ndikuseka ngati mwana.

"Tsekula zenera."

Ndinatsekula. Anatulutsa mutu.

"Baxter, chingwecho si mchira wa mphaka, koka. Abusa, mapemphero pambuyo, mapazi patsogolo."

Anthu anayankha ndi phokoso. Nyumba inathamanga. Pa ayezi wonyowa zipika zinkaterera ngati pa mafuta. Madzi ankathovuka mbali zonse. Ana ankathamanga m'mbali akukuwa. Kutali ndinaona Amalume. Sanadikire kugombe kuja. Ankayenda pa ayezi, motalikirana nafe, manja m'matumba, maso pansi pa nyumba.

Tinafika pakati.

Ndinamva kulira ngati mfuti. Kenaka kwina, kotalika, kothamangira kutali pansi pathu. Nyumba inagwedezeka, inaima. Ngodya ya kukhitchini inatsika. Tebulo linayenda lokha. Madzi akuda anatulukira m'mipata ya matabwa, nayamba kukwawa pansi.

Nyimbo inaduka.

Ndinathamangira khomo la kukhitchini. Ndinakankha. Ndinamenya ndi phewa. Nyumba inali itapotoka, chitseko chinali chitamatirira. Pazenera lake ndinaona madzi okhaokha pamene panali ayezi.

Kumaso kunalira phokoso. Kachitsulo kokowetsa kanaduka. Khomo la kumaso linatseguka. Amalume anali pansi pake, pa ayezi, chifuwa chawo chikulekeza pachiundo cha khomo, manja atatambasula.

"Amayi, bwerani. Ndikulandirani. Rhonda, amasule, abweretse kuno."

Agogo anayang'ana khomo. Anayang'ana mwana wawo.

"Ndidzere pati?"

"Pompano. Palibe pena."

"Ayi."

"Amayi, nyumba ikumira."

"Ndiye ikoke."

"Ino si nthawi ya miyambo. Ndikukupemphani. Ndagwada." Anagwadadi, m'madzi. Mutu wokha unkaoneka pakhomopo. "Rhonda, ukuyang'ana chiyani? Anyamule."

Ndikanatha. Agogo ndi opepuka ngati mtolo wa zovala. Ndinafika pampando. Ndinagwira mfundo ya chingwe. Dzanja lawo linagwira langa. Linali lozizira, lolimba.

"Ukanditulutsira apo, wandiika m'manda," anatero chapansipansi. "Amalume ako akandikweza m'galimoto ndili wonyowa, ndipo sindidzabweranso. Ukudziwa."

Ndinkadziwa. Madzi anafika m'masokosi mwanga.

Kunja a Hedley ankayesa kuyambitsanso nyimbo. Mawu anawathera. Kunkangotuluka mpweya ndi chifuwa. Anthu ankakoka aliyense payekha, uyu tsopano, uyu kenaka. Ena anali atayamba kusiya chingwe, akubwerera m'mbuyo. Njinga zinkangopalasa madzi.

"Amalume," ndinatero, "sakutuluka. Ine sindiwanyamula. Tikamakangana nyumba ikutsika. A Hedley mawu atha. Anthu akusowa wowatsogolera."

"Garland," anatero Agogo. Sanakalipe. "Ulendo woyamba unawoloka uli m'mimba mwanga, m'nyumba muno, ine ndikukunyamula. Lero ndinyamule ndiwe. Koma ndi nyumba yomwe."

Amalume anayang'ana amayi awo. Anadzuka, madzi akuchucha m'mawondo. Anakankha chitseko chija n'kuchitseka.

Ndinathamangira pazenera. Ndinawaona akuthamanga, akuterereka, akugwa, akudzuka. Anafika pachingwe cha kumanja. Anavula jekete n'kuliponya.

"Gwirani chingwe," anakuwa. "Baxter, bwerera. Nonse. Njinga zidikire mawu anga."

Kenaka anayambitsa nyimbo. Sindinkadziwa kuti amaidziwa. Mawu awo anali aakulu, osweka, ofanana ndi amene Agogo ankasimba a munthu wa pachithunzi chopendekeka chija. Agogo anatseka maso.

Anthu anayankha. Anakoka. Nyumba inabuula, sinasunthe. Madzi anafika kumiyendo ya mbaula.

Anaimbanso. Anakoka. China chake chinathyoka kunsi. Mphaka analira m'dengu.

Anaimba kachitatu. Ndinapezeka ndikuimba nawo, ndikukankha khoma ndi manja ngati zingathandize. Agogo ankamenya pansi ndi ndodo. Pamawu omaliza njinga zonse zinabangula, zingwe zinawongoka ngati zitsulo, ngodya ija inadzuka. Madzi anathawira kuchipinda. Nyumba inalumpha.

"Osaima!" Anali Amalume. "Thamangani!"

Anathamanga. Abusa, amayi, ana, agogo a ndodo ziwiri aja atakwezedwa panjinga akukupiza chipewa. Kumbuyo kwathu kunatsala dzenje lakuda, lalikulu ngati holo. Kutsogolo tchalitchi chinkakula. Belu linayamba kulira. Sindikudziwa anakaliza ndani. Zipika zinagunda miyala ya gombe. Thirakitala inakola tcheni changa. Chinagwira. Tinakwera kamtunda, tinadutsa sitolo, tinadutsa galimoto ya Amalume, tinakhota pa holo.

Tinaima.

Agogo anatsegula maso. Anasuzumira pazenera la kukhitchini. Doko linali pomwepo, ndi Nsonga tsidya lija, yopanda nyumba.

"Chapendekeka chithunzi cha agogo ako," anatero. "Chiwongole."

Ntchito inatenga masiku. Kuikhazika pamaziko, kuwongola makoma, kulumikiza magetsi ndi madzi. Khomo la kukhitchini analipala mpaka linayamba kutseguka. Amuna anakhomapo njira ya matabwa yotsetsereka, yokhala ndi pogwira. Agogo sanaponde panja mpaka inatha. Maisie ankangodutsa kuchokera kuholo ndi mbale yovundikira, chakudya chikufukabe nthunzi. A Hedley ankabwera m'mawa uliwonse kudzanena kumene mphepo ikuchokera. Agogo ankawatsutsa.

Lolemba lija linafika. Ndinali kukhitchini, chikwama changa chili pakhomo. Lole inkandidikira. Amalume anali atakhala patebulo, chimfine chitawagwira, akumwa tiyi wa paketulo. Foni yawo inalira. Anayang'ana. Tonse tinadziwa kuti ndi ku Corner Brook.

Agogo ankapaka jamu pabuledi.

Amalume anayankha. Anamvetsera.

"Ayi," anatero. "Bedilo mupatseni wina. Amayi ali kwawo."

Anaika foni pansi. Anamina.

"Maisie azibwera kawiri patsiku," anatero, osayang'ana munthu. "Mukagwa, a Hedley amva."

"Hedley samva ngakhale belu."

"Ndiye musagwe."

Agogo anapisa m'thumba la epuloni. Anatulutsa misomali ija n'kuiika patebulo, pafupi ndi kapu ya Amalume. Inali yowongoka. Anali ataiwongola okha, umodziumodzi, sindikudziwa liti.

"Khomo lija likulowetsa mphepo," anatero.

Amalume anatenga misomali ndi hamala. Anatulukira kukhitchini, anazungulira nyumba. Ine ndinawagubuduzira mgolo woti akwerepo, popeza khomolo lilibe masitepe. Agogo anatsekula zenera la pambali pake.

Msomali woyamba unalowa. Wachiwiri.

"Usamize mitu yonse," anatero Agogo. "Usiyeko pogwira. Tsiku lina udzazula ndiwe."

Amalume anaima, hamala ili m'mwamba. Sanacheuke. Anamenya msomali uja mpaka mutu unalowa m'thabwa, namenyanso.